Mmene mungayambire kusonkhanitsa makamera a kanema opukusa ndi dzanja

Kamera ya kanema isanakhale ndi mota ya magetsi, mota yake inali mkono wa munthu. Wojambula ankaima pambali pa bokosi la matabwa lokhazikidwa pa miyendo itatu, n'kumapukusa handulo kawiri pa sekondi iliyonse, ndipo popeza kuzungulira kumodzi kwa handuloyo kunkasuntha zithunzi 8, filimu inkayenda pa liwiro la zithunzi 16 pa sekondi. Umu ndi mmene anthu ambiri ankajambulira kuyambira mu 1895, chaka chimene Auguste ndi Louis Lumière anaonetsa kanema kwa anthu olipira pakhomo mumzinda wa Paris, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene kanema wokhala ndi mawu anabwera n'kufuna liwiro losasinthasintha la zithunzi 24 pa sekondi, limene mkono wa munthu sukanalisunga. Choncho wofuna kusonkhanitsa makamera amenewa akulowa m'munda wa zaka pafupifupi 35 zokha, ndipo zotsala m'mundamo n'zochepa, chifukwa ambiri anaphwasulidwa, ena anaikidwa mamota, ena anangotayidwa ntchito yawo itatha. Malangizo onse ali pansipa atsamira pa mfundo yakuti chimene chimapatsa kamera yotere mtengo ndi kukhala kwake yathunthu, ndi ziwalo zimene inatuluka nazo kufakitale, osati kunyezimira kwa kunja.

Choyamba, dziwani zam'kati musanatulutse ndalama

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi telala wa makina a handulo wayamba kale kumvetsa kamera imeneyi, ndipo zimanenedwa kuti Louis Lumière mwiniwakeyo anatengera nzeru pa mmene makina osokera amasunthira nsalu. Filimu siyenda mosalekeza ikafika kumbuyo kwa lenzi. Kambedza kamalowa m'timabowo ta m'mphepete mwa filimu, n'kuikokera pansi mlingo wa chithunzi chimodzi, kenako n'kutulukamo, ndipo pa nthawi yochepa imene filimuyo yaima, chimbale chozungulira chimene chimatsekereza kuwala chimatsegula njira kuti chithunzi chijambulike. Pamwamba ndi pansi pa malo amenewa pamakhala tigudumu ta mano, tonga sipuloketi ya njinga, timene timatulutsa filimu m'bokosi limodzi losalowa kuwala n'kuipereka ku bokosi lina, limene limakulunga mothandizidwa ndi lamba wachikopa kapena wa sipuling'i. Makamera ambiri a akatswiri alinso ndi kawotchi kowerengera utali wa filimu imene yadutsa, kachida koboolera filimu posonyeza pamene chochitika chathera, ndiponso polowetsa handulo pachiwiri pamene kuzungulira kumodzi kumasuntha chithunzi chimodzi chokha.

Muyenera kudziwa chiwalo chilichonse mwa zimenezi ndi maonekedwe ake pa mtundu wa kamera imene mukufuna, popeza simungazindikire chimene chikusowa ngati simukudziwa chimene chiyenera kukhalapo. Malo abwino ophunzirira ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale: Cinémathèque française ku Paris, Institut Lumière ku Lyon, National Science and Media Museum ku Bradford, George Eastman Museum ku Rochester, ndi Museo Nazionale del Cinema ku Turin. Amene sangafikeko asadandaule kwambiri, chifukwa zina mwa nyumba zimenezi zinaika zithunzi za katundu wawo pa intaneti, ndipo makatalogi akale a okushoni, amene amaonetsa kamera mbali zonse komanso m'kati, ndi sukulu yaulere.

Chachiwiri, sankhani gawo limodzi

Palibe munthu wamba amene angasonkhanitse zonse, ndipo amene amagula chilichonse chokhala ndi handulo amatha zaka ali ndi mulu wa mabokosi osagwirizana. Pamwamba penipeni pali Cinématographe ya abale a Lumière, imene inali kamera, makina osindikizira filimu komanso makina oonetsera nthawi imodzi. Jules Carpentier anapanga mazana ochepa okha, ndipo ikapezeka pa okushoni, opikisana nanu amakhala nyumba zosungiramo zinthu zakale. Pansi pake pali makamera a akatswiri a filimu ya mamilimita 35. Pathé Professional ya ku France ndi ya matabwa okutidwa ndi chikopa, mabokosi a filimu ali pamwamba, handulo ili kumbuyo, ndipo ndi mtundu umene Billy Bitzer ankajambulira mafilimu a D. W. Griffith. Debrie Parvo, imene inayamba kupangidwa ku Paris mu 1908, inaika mabokosi a filimu ya mamita 120 m'kati mwa thupi lake, ndipo zoyambirira zinali za matabwa pamene zobwera pambuyo pake zinali zachitsulo. Ku Britain kunali Moy & Bastie, Williamson, Darling ndi Prestwich, mtundu umene Frank Hurley anapita nawo ku Antarctica pa ulendo wa Ernest Shackleton mu 1914. Ku Dresden kunali Ernemann. Ku America, Bell & Howell 2709 ya ku Chicago, yachitsulo yonse komanso yokhala ndi chimbale cha malenzi anayi, inayamba kugulitsidwa mu 1912 n'kukhala kamera yaikulu ya Hollywood, ndipo Charlie Chaplin anagula yake mu 1918. Kunalinso kamera yozungulira ngati chitumbuwa imene anaipanga Carl Akeley pofuna kutsatira nyama zothamanga.

Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene asiye kaye onsewa, ayambire pa makamera ang'onoang'ono a anthu wamba a m'zaka za m'ma 1920. Pathé Baby ya 1923, ya filimu ya mamilimita 9.5, imakwana m'dzanja limodzi ndipo inapangidwa yambiri moti mpaka lero siivuta kupeza pa mtengo wofikirika. Kinamo ya kampani ya ICA, imene Emanuel Goldberg anaikonza mu 1921, ndi ya mamilimita 35 koma yaing'ono. Cine-Kodak yoyamba, ya 1923, ndiyo inatsegulira njira filimu ya mamilimita 16, ndipo inkagulitsidwa pamodzi ndi choimikapo, makina oonetsera, nsalu yoonetserapo ndi cholumikizira filimu pa madola 335, mtengo woyandikana ndi wa galimoto yatsopano ya Ford Model T. Mukalakwitsa pa kamera ngati Pathé Baby mumataya ndalama zochepa koma mumaphunzira zambiri, pamene kulakwitsa komweko pa Debrie Parvo kungakusiyeni m'ngongole.

Samalani ndi chinthu chimodzi pano. Ogulitsa ambiri amalemba kuti kamera ndi yopukusa ndi dzanja pamene ili yoyendera sipuling'i, imene mumaikunga ngati wotchi kenako n'kudina batani. Debrie Sept, Bell & Howell Filmo, Eyemo ndi Cine-Kodak Model B ya 1925 ndi za gulu limeneli. Ndi makamera abwino ndithu, koma si amene tikukamba pano, ndipo simuyenera kuwalipirira mtengo wa opukusa.

Chachitatu, phunzirani kuwerenga mulifupi wa filimu ndi timabowo take

Njira imene filimu imadutsa imaulula zaka za kamera kuposa mawu a wogulitsa. Filimu ya Lumière inali ndi kabowo kamodzi kozungulira mbali iliyonse ya chithunzi, pamene ya Edison inali ndi timabowo tinayi mbali iliyonse, ndipo ya Edison ndiyo inapambana n'kukhala ya dziko lonse. Birtac ya 1898 ndi Biokam ya 1899 zinkagwiritsa ntchito filimu ya mamilimita 17.5, theka la mamilimita 35. Pathé Kok ya 1912 inali ya mamilimita 28. Filimu ya mamilimita 9.5 ili ndi kabowo pakati, pamalire a chithunzi ndi chinzake. Ngati munthu akunena kuti kamera yake ndi ya 1910 koma m'kati mukudutsa filimu ya mamilimita 16, imene inayamba mu 1923, nkhani yatha pomwepo.

Chachinayi, dziwani kogula ndi mtengo weniweni

Makamera odula amadutsa kwambiri m'nyumba za okushoni zodziwa za zida zojambulira, monga Auction Team Breker ku Cologne, Leitz Photographica Auction ku Vienna, Special Auction Services ku Newbury, ndipo nthawi zina Bonhams ndi Christie's. Palinso misika ya pachaka, monga wa ku Bièvres pafupi ndi Paris umene umachitika mu June, kumene mungagwire kamera ndi manja anu musanalipire. Pa eBay pamapezeka zabwino ndi zinyalala zosakanikirana. Mtengo umene nyundo ya okushoni yagwerapo si ndalama zonse zimene mudzatulutse, chifukwa nyumba ya okushoni imaonjezerapo gawo lake, kawirikawiri 20 mpaka 30 peresenti, kenako pamabwera kulongedza, kutumiza, inshuwalansi ndi msonkho wa kasitomu m'dziko lanu. Werengerani zonsezi papepala mpikisano usanayambe, lembani malire anu, ndipo akadutsidwa musiyeni mnzanuyo atenge.

Chachisanu, ifufuzeni kamerayo modekha

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Pemphani zithunzi za mbali zonse zisanu ndi imodzi, za m'kati zitseko zili zotsegula, za nambala ya kamera, za mawu olembedwa pa lenzi, komanso za handulo itachotsedwa. Wogulitsa wokana kujambula m'kati ali ndi chifukwa chake.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Kamera yanga yoyamba inali Pathé Baby imene ndinagula pa intaneti kwa munthu wina amene anaika zithunzi zitatu, zonse zoonetsa kutsogolo ndi mbali imodzi. Itafika ndinapeza kuti mbali yosajambulidwayo panali bowo lokha pamene panayenera kukhala handulo. Sananame, popeza sanalembe kuti handulo ilipo, ndipo ine sindinafunse. Ndinatha nthawi yoposa chaka ndikusaka handulo yoyenera, ndipo pamene ndinaipeza inandidyera ndalama zoyandikana ndi zimene ndinagulira kamerayo. Safunsa anadya phula.

Handulo, mabokosi a filimu, lenzi ndi choonera ndi ziwalo zimene zimasowa kawirikawiri, chifukwa zonse zimachotseka. Kamera ya akatswiri yopanda mabokosi ake a filimu yataya gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo mabokosi a mtundu wina sakwanamo. Pa makamera ena a matabwa, opanga ankadinda nambala imodzi pa ziwalo zingapo, choncho yang'anani m'kati mwa zitseko, pa mabokosi ndi pa chitsulo chonyamula magiya, muone ngati manambala akugwirizana. Lenzi nayo iyenera kugwirizana ndi dziko komanso zaka za kamera. Pa makamera a ku France mumayembekezera lenzi yotchedwa Tessar yopangidwa ndi Krauss ku Paris, pa a ku America Tessar ya Bausch & Lomb kapena lenzi ya Goerz, pa a ku Britain Cooke ya Taylor, Taylor & Hobson kapena Dallmeyer, ndipo yofala kwambiri inali ya mamilimita 50 yotseguka mpaka f/3.5, muyezo wa kukula kwa polowera kuwala. Lenzi yosiyana ndi zimenezi si umboni wa chinyengo, chifukwa ojambula ankasintha malenzi, koma lenzi yonyezimira mwa buluu kapena mwa pepo ndi yobwera pambuyo pake kwambiri, popeza luso lopaka magalasi motero linafala nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha.

Mukakhala nayo m'manja, yambani ndi mitu ya masikuluwu. Mutu wong'ambika kapena wotafunika ukusonyeza kuti wina anatsegulapo ndi chida chosayenera, ndipo sikuluwu ya mutu wa mtanda pa kamera ya 1912 ndi yobwera, chifukwa mtundu umenewo unayamba kufala m'zaka za m'ma 1930. Timabowo topanda kanthu pa thabwa tikutanthauza kuti panali chinthu chimene chinachotsedwa, ndipo kachikwangwani ka dzina la kampani kamene kakhala pa thabwa losasintha mtundu pansi pake kangakhale koikidwa posachedwa. Ikani kamerayo papepala loyera n'kuigogoda pang'ono ndi chala. Pakagwa fumbi losalala ngati ufa wa mtengo, ndiye kuti thabwalo likufumbwa ndipo tizilombo tikadalimo. Chikopa chimene chikusanduka fumbi lofiirira mukachikhudza chafa kale, sichibwerera. Unikani lenzi ndi tochi kuchokera kumbuyo: timizere tonga ukonde wa kangaude ndi nkhungu, pamene chikasu kapena timathovu ta m'mphepete ndi ulimbo womata magalasi umene wayamba kulekana. Pa makamera ang'onoang'ono, onani ngati ziwalo zachitsulo chotuwa chochita kuumba zatupa kapena zachita ming'alu yambiri, chifukwa chitsulo chotere chikayamba kugumuka palibe mankhwala.

Handulo muisunthe komaliza, pang'onopang'ono, ndi zala ziwiri. Ikalimba, siyani. Girizi wa zaka 100 amauma ngati phula, ndipo kukakamiza kumathyola mano a giya yamkuwa kapena kupinda kambedza, ziwalo zimene palibe sitolo yozigulitsa. Kamera youma ndi girizi imatha kukonzeka, koma ya mano othyoka imafuna mmisiri wosula giya yatsopano, ndipo ikatero yasiya kukhala yathunthu.

Chenjerani ndi kamera yokongola mopitirira muyezo, ya matabwa opakidwa vanishi watsopano ndi mkuwa wowala ngati golide. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nthawi zambiri kupukuta kotere kumabisa ziwalo zochokera ku makamera awiri kapena atatu. Bell & Howell 2709 ili ndi vuto lakelake: chifukwa cha kulimba kwake, zambiri zinagwira ntchito kwa zaka makumi ambiri pojambula makatuni ndi mawu a pa kanema, n'kubooledwa ndi kuikidwa mamota, moti yosasinthidwa ndiyo yovuta kupeza. Ponena za nkhani zakuti kamera inali ya wojambula wotchuka, lipirani nkhaniyo pokhapokha ngati pali lisiti, kalata kapena kaundula wa kampani wotchula nambala ya kamerayo.

Chachisanu ndi chimodzi, filimu yotsalira m'kati

Mukatsegula bokosi n'kupezamo filimu ya mamilimita 35 kapena 17.5, iyeseni kuti ndi ya nayitireti kufikira mutatsimikiza kuti si choncho. Pafupifupi filimu yonse ya mamilimita 35 yopangidwa isanafike 1951 inali ya mtundu umenewu, ndipo ikagwira moto imayaka mwaukali, imatulutsa utsi wakupha, komanso siizima ngakhale mutaimiza m'madzi. Ikamawola imasanduka yachikasu, imamata, imanunkha moipa, kenako imachita thovu n'kukhala fumbi lofiirira, ndipo yofika pamenepa ingathe kuyaka yokha pamalo otentha madigiri pafupifupi 40. Mpweya umene imatulutsa umadyanso chitsulo cha kamera. Ichotseni mutavala magolovesi, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto ndi dzuwa, musaitsekere m'chitini chosatuluka mpweya, musaitumize pa positi, ndipo lankhulani ndi nyumba yosunga mafilimu akale, chifukwa mwina pali zithunzi zimene sizipezeka kwina kulikonse. Mafilimu a mamilimita 9.5 ndi 16 anapangidwa osayaka chotere kuyambira pachiyambi, ndipo akamawonongeka amangonunkha ngati viniga.

Chachisanu ndi chiwiri, kutumiza

Pemphani kuti handulo, lenzi ndi mabokosi a pamwamba zichotsedwe n'kukulungidwa pazokha, ndipo kamerayo ilowe m'katoni imene ili m'kati mwa katoni ina. Mayiko monga France ndi Britain amafuna chilolezo potulutsa zinthu zakale zodutsa mtengo wina wake, ndipo chinthu chokhala ndi mnyanga wa njovu kapena mitengo ina yotetezedwa chimagwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera pa malonda. Funsani zimenezi musanalipire.

Chachisanu ndi chitatu, kuyeretsa ndi kusunga

Chotsani fumbi ndi bulashi yofewa, basi. Musapale matabwa, musapake vanishi, ndipo musapukute mkuwa ndi polishi wa zitsulo, chifukwa mkuwa wa makamera amenewa unapakidwa mankhwala oteteza kufakitale, ndipo mukawachotsa mwachotsa umboni wa zaka zake. Mafuta opopera omasulira mabawuti asayandikire n'komwe, popeza amayenderera n'kulowa m'thabwa, m'chikopa ndi m'lenzi. Ngati magiya akufunika kutsukidwa, pitani kwa wokonza mawotchi akale wodziwa ntchito yake, mumuuze kuti asasinthe chiwalo chilichonse popanda kukufunsani, ndipo chilichonse chimene wachotsa achibweze kwa inu m'kathumba kolembedwa. Akamaliza, kadontho kamodzi ka oyilo wa wotchi pa malo alionse ozungulira n'kokwanira.

Chinyezi choyenera ndi cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti, chosakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Amene akusungira kamera yotere kwathu kuno ali ndi adani awiri osinthana: chinyezi cha dzinja chimene chimabweretsa nkhungu m'lenzi ndi dzimbiri pa kambedza, ndi kuuma kwa chilimwe kumene kumang'amba matabwa. Kabati ya galasi yotsekeka bwino, yokhala ndi kachida koyezera chinyezi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel timene mumatiumitsa nthawi ndi nthawi, imathetsa zambiri. Isakhudze khoma kapena pansi chifukwa cha chiswe, ndipo isaombedwe ndi dzuwa. Chikwama chachikopa chimene kamera inabwera nacho chisungeni ndithu, koma pachokha, chifukwa chikopa chakale chimasunga chinyezi ndi nkhungu.

Chomaliza, kaundula ndi kupukusa

Tsegulirani kamera iliyonse tsamba lake, mulembepo dzina, nambala, nambala ya lenzi, tsiku ndi malo amene munaigula, mtengo, zimene zikusowa, ndi chilichonse chimene chakonzedwa, pamodzi ndi zithunzi za tsiku limene inafika. Tsamba limeneli lidzathandiza pa inshuwalansi komanso pa tsiku logulitsa.

Kamera yotsukidwa bwino iyenera kupukusidwa pang'ono miyezi ingapo iliyonse kuti oyilo asaundane. Mukafuna kuiyesa ndi filimu, gwiritsani ntchito chidutswa cha filimu yatsopano yosafunika, osati yakale, chifukwa yakale inafota ndipo timabowo take sitikumananso bwino ndi mano. Ikhazikeni pa choimikapo cholimba, gwirani pamwamba ndi dzanja lamanzere, ndipo pukusani ndi mfundo ya dzanja, chigongono chili phee, chifukwa mukapukusa ndi phewa kamera imagwedera ndipo handulo imathamanga potsika n'kuchedwa pokwera. Yang'anani wotchi, muwerenge maulendo 20 pa masekondi 10. Kenako tulutsani chidutswacho n'kuchiunika: timabowo tong'ambika tikuloza kambedza, pamene mzere wautali wokandika ukuloza dzimbiri kapena litsiro pa chipata chodutsa filimu.